Simenti Pakhosi pa Chumuni

Chaka chimene anthu adavota kachiwiri, a Vitus adamanga balani yowotchera fodya wa fuluu kumudzi kwa akazi awo, kufupi ndi Kachebere. Adali mkamwini wa a Kefasi, nkhalamba imene idatha zaka makumi awiri ikusonkha moto m'mabalani a pa esiteti mpaka nsidze kuyoyoka. Mukadaganiza kuti munthu wotere afunsidwa. Koma masiku ano mwana akangotha kuwerenga zapathumba la feteleza, amayesa kuti nzeru zidayambira pa iye.

M'balani yotere moto umayaka m'ng'anjo panja, kutentha n'kumayenda m'mapaipi achitsulo pansi pa fodya, utsi n'kukatulukira kuchumuni ya njerwa. Tsiku lolowetsa paipi yomaliza m'chumuni, a Kefasi adaima chapatali monga achitira mpongozi, ndipo adaona a Vitus akukanda simenti.

"Pepani bambo a Lonjezo, simentiyo ikupita pati?"

"Pakhosi apa, bambo, polowera paipi. Ndimange kamodzi, ndiiwale."

"Chitsulo chikapsa chimatalika, chimafuna poyenda. Ife tinkamata ndi dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa. Likang'aluka, umamatanso. Mukachigwira ndi simenti kuno, chikakankha kwina."

"Zikomo bambo, ndamva," adatero a Vitus, manja ali m'simenti momwemo.

Mpongozi sabwereza mawu kwa mkamwini. A Kefasi adakatuma mwana wawo Imelda kuti akauze amuna akewo agumule simentiyo isadaume. M'mawa mwake adamufunsa za yankho.

"Ndawauza kuti mwati chumuni yawongoka bwino."

"Nanga za simenti?"

"Ababa, banja ndi langa ili. Mukufuna anthu azinena kuti kuchikamwini kuno akulamulidwa ngati mwana? Iwo akuti pa esiteti munkamata matope chifukwa bwana wanu adali woumira."

Maekala awiri a fodyayo Imelda adawalima ndi mwana kumbuyo, osadzala chimanga ngakhale mzere umodzi chifukwa amuna ake adati fodya agula zonse. Chakudya cha banja lonselo chidali m'masamba amenewo.

Fodya woyamba, wa masamba apansi, adapsa bwino. Wachiwirinso. A Vitus adayamba kunena pa bawo kuti nkhalamba zimaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Koma a Kefasi adali ataona mng'alu wowonda ngati ulusi ukutsika m'njerwa kuchokera pakhosi paja, ndipo mtima wawo sudakhalenso m'malo.

Kenaka a Vitus adathyola fodya weniweni, masamba apakati aakulu ngati mapiko a nkhwazi, nadzaza balani mpaka mikangala yapansi yopachikapo fodya kutsala pang'ono kukhudza mapaipi. Moto udayatsidwa Lolemba. Kuyambira pamenepo a Kefasi ankadzuka, kunyamula khasu ngati akupita kudimba, n'kudzera kuseri kwa balani. Ankayang'ana utsi, kuyang'ana mng'alu, kubwerera. Masana chimodzimodzi. Chakudya ankangochitosatosa. Lachinayi mng'alu uja udakula moti chala cha mwana chikadalowamo. Adafuna kuyankhula, koma atakumbukira mawu a Imelda adangotsokomola n'kudutsa.

Loweruka masana a Vitus adawonjezera zipika kuti mitsempha ya masamba iume. Ng'anjo idafiira. A Kefasi ali chiimire pansi pa mtengo wa mango adamva chitsulo chikulira m'kati, kulira kumene khutu lawo lidakuzolowera kalekale. Atakweza maso adapeza utsi wa kuchumuni wachepa, wina ukutuluka pansi pa denga. Ulemu wa chipongozi adausiya pomwepo, nathamangira kung'anjo.

"Phulani zipikazo! Paipi yalekana m'kati!"

"Bambo, kwatsala tsiku limodzi lokha. Ndikazima tsopano fodya awonongeka."

"Phulani, ndipo chitseko musatsegule."

"Ndione kaye ndi maso anga," adatero a Vitus, nakankha chitseko.

Paipi ija, posowa poyenda kuchumuni, idali itapindika n'kusololoka pamfundo yapakati, malawi akunyambita masamba ouma gwaa. Mphepo italowa pakhomo, balani yonse idangoti lawi. Amayi adathamanga ndi ndowa kuchokera kumjigo, koma fodya wouma sadikira madzi. Imelda adakhala pansi m'fumbi, mwana ali pamwendo, akuyang'ana phulusa la thukuta lake likugwera m'minda ya anthu ena.

Musaganize kuti wina adabwera kudzapepesa. Dzuwa lisadalowe a Vitus adali atauza kale anzawo kuti balani siyaka yokha.

"Pali munthu amene wakhala akuizungulira m'mawa ndi masana sabata yonse. Khasu lili paphewa, koma kudimba osafika. Ndipo adadziwa bwanji za m'kati chitseko chili chotseka?"

Mudzi udaimva nkhaniyo mokoma, pakuti bodza lili ndi miyendo yaitali. Amayi amene kale ankagwada popereka moni adayamba kukokera ana awo kumbali a Kefasi akamadutsa. Patatha milungu itatu a Vitus adamanga kachikwama panjinga, nati akukafuna ganyu kumafamu a ku Chipata. Mvula idagwa, idatha, idagwanso, iwo osaoneka.

Imelda ndi ana ake awiri adasamukira pakhomo pa a Kefasi, kudzadya m'nkhokwe imene idalimidwira anthu awiri okalamba, iwo ndi akazi awo. Chimanga chidatha mwezi wa Disembala. Tsiku lina akusenda mango aawisi oti aphikire ana, Imelda adayankhula osadzutsa mutu.

"Ababa, ndikadawauza tsiku lija."

"Ukadawauza, akadamva?"

Imelda adangopitiriza kusenda.

Inu amene mumaseka nkhalamba ikamayang'anitsitsa njerwa, dziwani kuti maso amenewo adaona kale moto umene inu simudauone. Galu wamkota sakandira pachabe.