Mazira Awiri a Mkamwini

Panali munthu wina woweta nkhuku amene ankakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wake. Anali wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo pamudzipo ankamuyamikira chifukwa sankatsutsa kanthu.

Mkazi wake atakhala ndi pakati, iye anamuperekeza kusikelo. Namwino anawalangiza onse awiri kuti: "Mayiwa azidya mazira, nyemba, mtedza ndi usipa. Thupi limaphwanya zakudya zimenezi kukhala tizidutswa totchedwa ma amino asidi, ndipo timeneto ndiye njerwa zomangira mwana. Impso zake zikuumbidwa panopa. Tosefera magazi tam'kati mwa impso timapangidwa mwana adakali m'mimba. Akabadwa sitiwonjezekanso."

Chaka chimenecho nyemba ndi mtedza zinapsa ndi dzuwa. Chimene chinalipo pakhomopo ndi mazira basi. Tsiku lina munthuyo anawiritsa awiri, nawaika m'mbale ya mkazi wake. Apongozi ake aakazi ataona, anagwada chapatali, nayankhula nkhope atalozetsa kumbali.

"Bambo, kuno wapakati sadya mazira. Mukufuna mdzukulu wanga abadwe wopanda tsitsi?"

Mawu a namwino anali asanawaiwale. Koma manyazi anamugwira, nakumbukira kuti mkamwini asamakule mwendo. Anatola mazirawo m'mbalemo, mkazi wake akuyang'ana, nakadyera kuseri kwa khola. Kuyambira pamenepo mazira onse ankapita kumsika, mayiyo n'kumadyera masamba othira mchere wokha.

Mwana anabadwa wamkazi, wochepetsetsa, tsitsi lili bii, ndipo nthungululu zinamveka mudzi wonse. Anamutcha Lekeleni. Anakula bwino ndithu. Koma atakwanitsa zaka makumi awiri, mapazi ndi nkhope zinayamba kutupa, ndipo anamugoneka m'chipatala.

Dokotala anauza bamboyo kuti: "Impso za mwana wanu ndi zazing'ono chibadwire, ndipo tsopano zatopa. Nthawi zina zimatero mwana akaperewera chakudya m'mimba."

Bamboyo anathamangira kumudzi, natolera mazira onse a m'khola, nabwerera nawo m'dengu, thukuta lili kamukamu.

"Adokotala, mupatseni adye. Akatha ndibweretsa ena."

"Pepani bambo, bwererani nawoni. Impso zofooka sizingachotse zotsalira za chakudya chotere chikachuluka. Tsopano tizichita kumuyezera pang'onopang'ono."

Munthuyo anakhala pansi pakhonde la chipatala, dengu lili pamiyendo, nalira mokweza pamaso pa anthu, bambo wa imvi.

Inu amene mukumva, m'mera mpoyamba. Pali zinthu zimene zili ndi nyengo yake, ndipo nyengoyo ikadutsa, ngakhale chikondi sichingaibweze. Akulu alemekezedwe, inde. Koma ngati mukudziwa chimene chingapulumutse mwana, gwadani, ombani m'manja, ndipo munene. Manyazi anu atha pofika mawa, koma mwanayo adzasenza mpaka kumanda thupi limene mwamuumbira lero.