Kamera ya Pamphasa

Panali mkazi wina ku Mponela, dzina lake Nachisale, amene anasoka zovala mpaka msana unakana. Koma maso ake ankadziwa kuona anthu. Akajambula amayi a Mvano ndi foni yobwereka, aliyense ankati ameneyu ndiye ine weniweni. Tsono anagulitsa makina ake osokera kuti agule kamera. Ntchito yojambula ikanamukana, analibenso pobwerera.

Ku Lilongwe anapita ndi mlamu wake Gwaza, wojambula wodziwika pa maukwati, yemwe uja anabwereka wilibala pa maliro a apongozi ake, mpaka lero ikadali kwake. Wogulitsa anawaikira makamera awiri patebulo. Ina inali yaikulu, yolemera ngati njerwa, yokhala ndi galasi m'kati lomwe limati khwaa ukadina. Inayo inali yaing'ono, yopanda galasilo, yokwana m'dzanja, yosalira, ndipo poonera pake pankapindika moti munthu n'kujambula atayiika pamiyendo.

Gwaza ananyamula yaikulu ija. Anati batire lake limakhalitsa, ndipo sananame. Anatinso anthu akamaitana wojambula amayamba ayang'ana kamera. "Mlamu, kanthu kanuko adzakayesa foni. Mudzadyera kuseri ndi otsuka mbale."

Nachisale anaikoleka yaikulu ija m'khosi, nadziona pa zenera la sitolo. Anaikonda, tisabise. Anaoneka ngati wa ku wailesi yakanema. Kenaka anachita chinthu chomwe chinamuseketsa wogulitsa uja. Anamangitsa chitenje, nagwada m'sitolo momwemo, nayenda chogwada monga achitira mkazi pamaso pa akuluakulu, kamera ikumumenya pachifuwa. Anakhala pansi, natambasula miyendo. Kuti aone bwino, inafuna kukwezedwa kumaso, zigongono m'mwamba. Atatenga yaing'ono, inangokhala pamiyendo phee, ngati buku la nyimbo.

"Inu mlamu mumajambula chiimire," anatero. "Ine malo anga ndi pamphasa."

Anagula yaing'ono.

Ntchito yake yoyamba inali chinkhoswe cha mwana wa mnansi wake. Akuchimuna analemba Gwaza, akuchikazi anaitana Nachisale pomumvera chisoni chabe. Amayi ataona kakamerako anatsinana, wina n'kufunsa ngati makina osokera onse aja anathera pomwepo. Iye anangokhala pansi, pafupi ndi mapazi a akuluakulu.

Pamwambopo panali a Chimbalanga, malume ake a mtsikanayo, amene poyamba anaukana ukwatiwo. Anabwera, inde, koma nkhope ili gwa, ndipo akuchimuna ankadya ndi mantha, osadziwa ngati mkuluyo wavomera ndi mtima. Pamene ankhoswe ankasinthana tambala ndi thadzi, Gwaza anawaimitsa kuti ayang'ane kwa iye. Khwaa. Chithunzi chinatuluka chowala bwino, a Chimbalanga milomo atamanga ngati pa chitupa.

Kenaka akuchikazi analowetsa atsikana ofunditsidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi, kuti mnyamata aloze wake. Maso onse anapita kumeneko, ndi kamera ya Gwaza yomwe. Mnyamatayo anawadutsa enawo osakayika, nagwada kutsogolo kwa mmodzi. Anamuzindikira ndi chipsera cha pa chala chakuphazi, chimene anapsa nacho ali wakhanda, malume akewo n'kumubereka okha kupita naye kuchipatala.

Nachisale sanayang'ane mtsikana. Anayang'ana m'mwamba. A Chimbalanga anali akuseka, msozi uli patsaya, dzanja lawo litagwira bondo la nkhoswe yakuchimuna. Kamera ikanalira, nkhopeyo akanaibweza. Sinalire.

Chithunzicho chitafika kuchimuna, amayi a mnyamata anachiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Kani anatilandira." Anachikoleka pabalaza.

A Chimbalanga atachiona anamuitanitsa Nachisale, namufunsa kuti anali kuti poti iwo sanamuone.

"Ndinali pamapazi panu, bambo."

Mkuluyo anakhosomola, nati amutsukire china choti akasunge kwake.

Kuchokera pamenepo, ku Dowa mpaka ku Madisi, chinkhoswe sichikhala asanamuitane Nachisale. Gwaza nayenso anthu amamuitanabe, ndipo amajambula bwino oimirira pamzere. Koma Nachisale sanadyereko kuseri.

Tsono inu ana a pamtundu pathu, mkazi ameneyu ndi magazi anu, muzimutchula mutatukula mutu. Ndimakuonani mukabwera kudzandifunsa za njinga, za khasu, za malo a geni, ngakhale za banja. Nonse mumayamba ndi kundiuza chimene wakutiwakuti ali nacho. Wakutiwakutiyo amaima pamene inu simuima. Musanatambasule dzanja pa chinthu, yambani mwakhala pansi pomwe mudzakhalire nacho, ngakhale wogulitsa akusekeni.