Kalata Yotsala M'kompyuta ya Bambo

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli, ku Chilomoni kunali mayi wamasiye, aNankhoma. Amuna awo asanatsikire kuli chete anawanong'oneza kuti, "M'kompyuta yangamo muli kalata. Asaione munthu kufikira tsiku la chiliza changa. Ikawerengedwe kumanda komweko, ndipo awerenge mwana mmodzi."

Chaka chinapita ngati utsi. Lachisanu m'mawa, ulendo wa kumudzi ku Ntcheu uli masana, aNankhoma anayatsa kompyutayo. Inali itakalamba: mabatani ena anafa, mabowo a fulashi anachita dzimbiri, galasi lake linkangophethira ngati munthu wosinza. Kumanda kulibe magetsi, choncho kalatayo inayenera kutuluka papepala. Purintala inalimo m'nyumbamo, yolumikizidwa ku kompyuta ya mwana wawo woyamba. Koma makompyuta a pabanjapo anali ngati akamwini a mitundu itatu: ya woyambayo ya chizindikiro cha mawindo, ya wachiwiri ya apozi wolumidwa, ya malemuyo ya kambalame koimirira. Iliyonse ndi chiyankhulo chake.

Msaiwale, woyambayo, anali atavala jekete kuti akaonekere kaye kuntchito. Ataona mayi ake akusisita kompyuta ija, anavula jeketeyo. Purintala yake sankabwereketsa ngakhale alongo ake, koma tsikulo anatsegula mpanda wa kompyuta yake, nalola kuti purintalayo ioneke kwa aliyense wa pa waifai ya m'nyumbamo.

"Khomo ndatsegula, amayi. Abambo angolowa."

Koma abambo sanalowe. Ndaona, wachiwiri, anayang'anitsitsa napeza kuti kompyuta ya malemuyo ikufunafunabe waifai ya nyumba yakale ya ku Zomba, kumene banjalo linasamukako maliro atapita. Kuilembera mawu achinsinsi atsopano sikukanatheka ndi mabatani akufa aja. Ndiye anatenga yake ya apozi, nasintha rauta, kabokosi kotulutsa waifai, kuipatsa dzina lakale ndi mawu achinsinsi akale, amene ankawakumbukira iye yekha.

"Achimwene, lumikizaninso yanuyo. Lero tonse tabwerera ku Zomba."

ANankhoma anamva ngati kafungo ka paini wa kuphiri kalowera pazenera.

Pepala loyesera linatuluka, koma lodzaza timizere ngati popalasa nkhuku.

"Abambo ayamba malilime," anatero Msaiwale.

Tiyese, chitsirizira, ndiye ankakonda kukhala pambali pa bambo ake akamalemba, ndipo chiyankhulo cha kambalame kaja ankachimva. Anagwira kambewa ka kompyuta, nafufuza modekha pamndandanda wautali mpaka anapeza womasulira woyenera, amene ana amati dalaiva. Pepala lachiwiri linatuluka lowerengeka bwino. Atafika pa kalata yeniyeniyo, anapempha mpango wa mayi ake, naphimba galasi lonse, kungosiya kangodya kodinapo.

Purintala inatsokomola, kenako inayamba kupuma pang'onopang'ono. Mapepala awiri anatuluka chafufumimba, ofunda ngati chikhatho cha munthu. ANankhoma anawapinda osawatembenuza, nawaika mu envulopu. Posakhalitsa galasi lija linathima lokha, ndipo silinayakenso.

M'galimoto anawo anayamba kukangana motsitsa mawu.

"Popanda khomo langa abambo akanatulukira pati?"

"Khomo la nyumba imene sankaidziwa, achimwene?" anafunsa Ndaona.

"Nonsenu mukanakawerenga zopalasa nkhuku pamaso pa amalume," anatero Tiyese.

ANankhoma ankangoyang'ana mapiri akuyandama m'nkhungu, envulopu ili pachifuwa, ngati akumvetsera munthu wolankhula m'chipinda china.

Kutacha, nsalu inachotsedwa pachiliza. Nyimbo inatha, ana atatu aja ataima mogundana mapewa. ANankhoma anatulutsa envulopu ija.

Tsono inu mwamvanu, mukanakhala aNankhoma, mukanaiika m'manja mwa yani?