Lufeyo ndi Chitini Chonyezimira

Inu a Folomu 4 amene mukuyenda monyang'wa chifukwa mayeso atha, khalani pansi mumve za Lufeyo. Zinachitika kale, masiku amene mayina a opita ku koleji ankawerengedwa pa wayilesi, mudzi wonse utazungulira kawayilesi kamodzi ka mabatire. Ndimawasowa masiku amenewo.

Lufeyo anali mwana wa mayi wamasiye, a Nachisale, kumapiri a ku Ntchisi. Nzeru anali nazo, tisaname. M'kalasi iye ndiye ankayankha, ndipo anazolowera kuyankhako mpaka anayamba kuona kufunsa ngati ntchito ya mbuli. Dzina lake litatuluka, a Nachisale analulutira mpaka mawu anasasa. Kalata ya ku koleji inati afike Lachisanu, apo ayi malo ake apatsidwa kwa wina.

Amalume ake, a Kadzamira, ankaweta njuchi. M'kalasi sanapondemo, koma dziko analiyenda mpaka ku Joni. M'mawa wa ulendo anamuitana.

"Iwe Lufeyo, njira ya kumeneko ukuidziwa?"

"Ndinaiona pa mapu, amalume."

"Chabwino. Pakhondepo pali zitini ziwiri. Chimodzi ndi kamba wako."

Mkuluyo anadikira funso, koma silinabwere, ndipo anapita kukazonda ming'oma yake. Lufeyo anayang'ana zitinizo, china chadzimbiri, china chonyezimira. Anaganiza kuti munthu wa ku koleji sangamupatse chadzimbiri, choncho anaponya chonyezimiracho m'bokosi lake lachitsulo.

Lachinayi masana basi inamutsitsa pa mphambano ina. Apo anayenera kukwera ina, ndipo yopita kukolejiko inkadutsa kamodzi pa sabata. Panaima mabasi awiri, onse atafiira ndi fumbi, zolemba zake zosaoneka. Pansi pa mtengo panali mayi wogulitsa nthochi. Kufunsa kunali kosavuta, koma Lufeyo anali atavala tayi, ndipo wa tayi angafunse bwanji njira kwa wogulitsa nthochi? Anayang'ana dzuwa, anakumbukira mapu, n'kutsimikiza kuti yake ndi imene yaloza kummwera. Anakhala pa bokosi lake kudikira kuti ilize injini.

Njala itamuluma anatsegula chitini chija. Uchi umene ankayembekezera munalibe. Munali phula louma limene amalume ankasungira osoka nsapato. Poti anthu ankamuyang'ana, anabenthula kachidutswa n'kuyamba kutafuna ngati ndi zimene ankafuna. Phulalo linamata m'mano, kukhosi osatsika. Ali mkati molimbana nalo, basi inayo inanyamuka.

Mayi wa nthochi uja anamumvera chisoni, namubweretsera nthochi ziwiri.

"Mwanawe, phula amadya? Ulendowu ngwakuti?"

"Ku koleji, mayi."

"Kalanga ine! Basi ya kumeneko ndi ija yapitayi. Iyi ukuidikirayi inafa chaka chatha, ife timavundikiramo nthochi. Bwanji sunafunse?"

Lufeyo anasenza bokosi lake n'kuyamba ulendo wobwerera kwawo. Malo ake anapatsidwa kwa wina. Atabwerera kumudzi, a Nachisale sanamukalipire. Analandira bokosi, analilowetsa m'nyumba, kenako anapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Kulira kumeneko kunamupweteka Lufeyo kuposa njala ya panjira.

Chaka chonse anatsatira amalume ake ku ming'oma, kumene njuchi zimaluma aliyense wodziyesa wodziwa. Anaphunzira kunena kuti, "Amalume, apa nditani?" Chaka chotsatira analembanso mayeso n'kupita ku koleji, akufunsa njira pa siteji iliyonse. Koma anthu a pamphambano paja anali atamupatsa kale dzina loti Safunsa, ndipo linamukanirira mpaka imvi.

Mpamene panachokera mwambi woti safunsa anadya phula. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wochita manyazi kapena wonyada kufunsa amadzigwetsa m'mavuto amene mawu awiri okha akanamupulumutsa. Satifiketi imangosonyeza kuti mumatha kuyankha. Kunja kuno, ana inu, wokhwima ndi amene amatha kuvomera kuti sakudziwa.