Nyimbo Yoyamba ya Nasimango

Ndikanama pano, mphenzi indipeze ndili pansi pa bedi! Zonsezi n'zoona, mpaka timafuta tomwe.

Kalekale kunali mayi wina dzina lake Nasimango, woyambitsa nyimbo za chimtali. Akakutchula m'nyimbo, ngakhale adzukulu a adani ako ankaimba dzina lako. Ndiye khansa inamera pakhosi pake. Mawu anazima, phala linayamba kubwerera. Anaitana ana ake atatu n'kunong'ona kuti, "Amene andibwezere mawu, nyimbo yanga yoyamba ndi yake."

Tsalani, mwana woyamba, anayenda mpaka nsapato zinatha, n'kubwera ndi mankhwala odabwitsa. "Amayi, awa ndi mankhwala ogona. Sapha kanthu mpaka kuwala kuwadzutse." Koma atawayesa m'madzi anangoundana. Nanga m'magazi akanayenda bwanji?

Mwatitha, mlongo wake wokazinga mandasi, anaseka. "Achimwene, mlendo wopanda jekete mukumutumiza pamvula?" Anatenga mafuta n'kukulunga mankhwalawo m'timipira tating'ono kuposa diso la utitiri. Atatibaya mumtsempha, magazi anatinyamula ngati basi. Chotupa chija, poti n'chosusuka, chinameza timafuta tambirimbiri osafunsa kuti mkati muli chiyani. Mankhwala anafika, koma ali m'tulo tofa nato.

Malizani, chitsirizira, wokonza matochi, anati, "Yasamulani, amayi." Analowetsa kachingwe kopyapyala kotulutsa kuwala kofiira mpaka pachotupa. Mankhwala anadzidzimuka, anapsa mtima, n'kuchiwotcha chotupacho kuchokera mkati.

Mukuti yathera pomwepo? Dikirani.

M'mawa mwake amayi a m'gulu la chimtali anabwera ndi mphasa kuti wodwala akawothere dzuwa, monga timachitira tonse. Anapeza mkazi wa Tsalani, Nachisale, ataima pakhomo ndi munsi m'manja. Iye anali ataona kadzuwa kolowera pabowo la denga katatupitsa dzanja la apongozi ake. Mankhwala otsalira anali akadagona pakhungu, ndipo dzuwa likanawadzutsa thupi lonse.

"Choka apa, mtengwa iwe! Ukufuna awolere m'nyumba?" anakalipa amayi aja.

"Nditukwaneni, amayi, koma apongozi anga satuluka."

Anamutcha mfiti, anamukaniza moto, pachitsime anthu ankamuthawa. Iye anangotseka mabowo ndi zisanza, n'kumawamwetsa apongoziwo phala mumdima mpaka khungu linasiya kuwopa dzuwa.

Tsiku la chimtali linafika. Ng'oma zinalira, Nasimango anakonza kukhosi. Koma nyimbo ya chimtali ili ngati mpando wa njinga, dzina limakhalapo limodzi.

"Popanda mankhwala anga ukanakulunga chiyani, mphepo?" anatero Tsalani.

"Akanafika bwanji, wapansi?" anayankha Mwatitha.

"Popanda kuwala kwanga, bwenzi akuliza nkonono mpaka lero," anatero Malizani.

Nachisale anali kumbuyo kwa bwalo, akutunga madzi a oimba ng'oma.

Za munsi zija ndawonjezera ine, linali tsache chabe. Koma Nasimango akadayasamulabe pabwalo paja, ndipo woimba ng'oma manja atopa. Tandiuzani inu, atchule ndani: wobweretsa mankhwala, wowaveka mafuta, wowadzutsa, kapena amene anatukwanidwa pakhomo kuti asadzukenso?