Mpongozi pa Njinga

Lachinayi lino mwabwera a Nazunga, a Nankwenda, mayi Gwetsani ndi mlamu wawo, ndi atsikana awiri a kwaya. A Nasoko kulibe, akuti mwendo, koma mwendo womwewo dzulo unafika kumsika. A Namoyo kulibenso, ndipo poto wanga wa pamaliro paja akadali kwawo. Inu mwabweranu, mukawafotokozere fanizo ili.

Panali mayi wina mumzinda wina, wogulitsa masamba pamsika. Mwamuna wake anagonekedwa m'chipatala, kutali ndi kwawo. Chilichonse chimene wadya chinkabwerera, kupatula phala lophika mkazi wake. Koma geti la chipatala lili ndi nthawi yake. Mlonda akatseka, watseka. Mayiyu poyenda wapansi ankafika mawondo akulira, phala litazizira.

Mnansi wake, mayi wamasiye, anati: "Amnzanga, tengani njinga ya malemu bambo aja, ikungochita dzimbiri. Njira ya m'mbali mwa mtsinje ija a khonsolo anaikonza, ili see ngati thebulo. Mulibe galimoto, mulibe chitunda, ndipo imakafika pachipatala penipeni."

"Ine, imvi zili mbuu chonchi? Anthu ati chiyani?"

"Kodi akudwala ndi anthuwo?"

Anamuphunzitsa pabwalo la mpira, atamugwirira chishalo kumbuyo. Malamulo analipo awiri okha: manja pa handulo, maso kutsogolo. "Njinga ilibe nzeru," anatero mnansiyo. "Imapita kumene mwayang'ana."

Tsiku lonyamuka yekha linafika. Anamanga chitenje zolimba, fulasiki ya phala anaikulunga ndi mphira pa kaliyala, n'kulowa m'njira muja. Inalidi yosalala: madzi kumanzere, mitengo ndi mabenchi kumanja. Koma mutu wake unali balala. Anthu ankamudutsa akuthamanga, nsapato zoyera, wowathamangitsa osaoneka. Kodi kumbuyoku kwagwanji? Akafuna belu ankafinya buleki, akafuna buleki belu linkalira. Komabe njinga inkapita, ndipo nthawi inalipo.

Pa benchi lina panakhala mkulu wa mpingo wawo. Mayiyu chibadwire sanaperekepo moni kwa wamkulu manja ali kwina. Manja anangochoka okha pa handulo, phu phu, kuomba. Njinga pendapenda, mpaka m'maluwa.

"Mwadzuka bwanji abambo?" anafunsa ali chogona m'maluwamo.

"Ine ndadzuka, mayi. Inu ndiye mudzuke."

Anadzuka, anagwira fulasiki, yamoyo. Anakweranso. Denga la chipatala linayamba kuoneka patsogolo.

Ndiye poti ayang'ane bwino, uyo akubwerayo ndi mkamwini wake, mwamuna wa mwana wake wachisamba. Paja kwawo mpongozi ndi mkamwini sakumana maso ndi maso; mmodzi amapatuka, kulowa patchire. Mkamwiniyo anali atamuona kale. Anapatukira kumitengo, n'kutembenuka kuonetsa msana. Njira yonse anaisiya yoyera. Chimene chinatsala n'kungopalasa basi.

Koma m'mutu mwa mayi munali msonkhano. Andiona miyendo ili m'mwamba? Akakafotokoza kwawo bwanji? Nditsike? Buleki ndi uti? Wopatuka ndi ine kapena iye? Nanga muno m'tauni tchire lake lili kuti? Chifukwa cha manyazi, anachita zimene anazolowera: anabweza nkhope kumbali. Kumbali kwake kunali kumadzi. Njinga, poti ilibe nzeru, inatsatira.

Chubwi!

Madzi anali olekeza m'chiuno, koma matope anamugwira miyendo. Ndipo amene anatsikira m'madzimo ndi yemwe ankamuthawa uja. Anabwera chafutambuyo, nthambi ili m'manja, maso ali kumwamba. Kulankhula ndi mpongozi sakanatha, ndiye analankhula ndi njinga: "Njinga iwe, uwauze amayi agwire nthambiyi."

Anamuvuula. Njinganso anaivuula, belu litathothoka. Fulasiki ndiye inali itapita ndi madzi. Mayi anakankha njinga mpaka kuchipatala, chitenje chikudontha, manja ali opanda kanthu, n'kupeza geti lotseka. Tsiku limenelo mwamuna wake anagonera madzi akumwa.

Atabwerera kunyumba anafunsa mnansi uja: "Koma ndalakwa pati? Mkulu wa mpingo ndamulemekeza. Mkamwini ndamupatukira."

"Nanga wanjala uja munamulemekeza?"

Amayi anzanga, ulemu si tchimo, ndipo musakanene kunja kuti ndakuuzani muzikagunda apongozi. Koma tamverani. Njira imene Mulungu watikonzera si ya minga nthawi zonse. Nthawi zina imakhala see, ndipo zopinga amatichotsera kale, ngati mkamwini uja anapatuka. Chimatigwetsa si chitunda, ndi funso lija: anthu ati chiyani? Watumidwa kukapepesa m'bale wako, ukuti andiseka. Watumidwa kukaona wodwala amene mudakangana, ukuti andiyesa wogonja. Maso ali kumbali, ndipo mtima uli ngati njinga, umapita kumene wayang'ana. Amene watumidwa ndi phala, manja pa handulo, maso kwa wanjala. Malonje mudzapereka pobwerera.

Mawa lake mayi uja anakweranso, ndipo anafika geti lili lotsegula. Amene anamupatsa moni panjira anawayankha ndi pakamwa pokha.

Koma zosabweza zilipo. Belu la mnansi likadali pansi pa mtsinje. Fulasiki ija inali yobwereka kwa mlamu wake, mpaka lero sanamugulire ina. Zikomo wa mkamwini sanaperekedwe, chifukwa nkhuku yoti ayambire kulankhulana sinagwidwebe. Ndipo chakudya cha tsiku lija, chimene wodwala anadikira maso ali pakhomo, chimenecho sichibwezedwa. Phala la lero silithetsa njala ya dzulo.

A Nankwenda, yambitsani nyimbo. Ndipo wodutsira kwa a Namoyo awakumbutse za poto.