Zenera Lotseka ndi Njerwa

Pa tauni ina yaing'ono panali wamalonda wogulitsa zitsulo za njinga. Malonda atamuyendera, anamanga nyumba ya malata m'mbali mwa msewu. Pabalaza anaika mazenera aakulu a magalasi. Dzuwa likatuluka linkagwa pa simenti yofiira, mipando n'kumanyezimira, ndipo mlendo akalowa ankayamba kumwetulira asanapatsidwe n'komwe moni. Koma zenera la chipinda cha kumbuyo anangolitseka ndi njerwa ndi dothi, monga timachitira ambirife, amvekere: "Magalasi tidzaika chaka chamawa."

Zinadutsa zaka zinayi.

Kenaka mkazi wake anadwala, n'kufa ziwalo mbali imodzi. Pakamwa panapotoka, malovu n'kumatuluka okha. Bamboyo anaona kuti munthu wotere sakuyenerana ndi mipando ija. Anakamugoneka kuchipinda cha kumbuyo.

Inu mukuchidziwa chipinda chopanda zenera. M'mawa ndi madzulo n'chimodzimodzi. Fungo silituluka. Wodzazonda matenda amatsitsa mawu ngati wafika pamaliro, ndipo sachedwa kutsanzika.

Tsiku lina mayiyo anati, "Bambo, chotsaniko njerwa imodzi yokha, ndizidziwako kuti kwacha."

"Mukufuna odutsa azikusuzumirani muli chonchi? Dikirani magalasi."

Njerwa imodzi, abale anga! Ntchito yosafuna mmisiri, yosafuna ngakhale kuvula jekete. Chonsecho munthu ameneyu Lamulungu lililonse ankathamangira mpando wa pafupi ndi zenera m'tchalitchi, ati mdima umamupweteketsa mutu.

Mayi uja anasiya kupempha. Anasiya kufunsa kuti lero n'lachingati. Pambuyo pake anasiya kudya, ndipo nyengo yozizira isanathe anamwalira.

Amayi a mpingo atabwera kudzasambitsa thupi, sankaona kanthu m'chipindamo. Mmodzi anatuluka, natenga musi, nazungulira kuseri. Anagogoda kawiri kokha, njerwa za m'mwamba n'kugwa. Dzuwa linalowa n'kufika pabedi penipeni. Apo onse anaona. Pamzere wa m'munsi, pamene munthu wogona angafikire, dothi la pakati pa njerwa linali lokumbika, ndipo m'mphepete mwa bedi munali sipuni yopindika. Mayi uja ankakumba yekha ndi dzanja limodzi lotsalalo. Panangotsala pang'ono kuti abowole.

Bamboyo anaima pakhomo nati, "Kani chipindachi chimawala chonchi?" Amayi aja anangoyamba kusambitsa thupi.

Nkhaniyi imandiwawa mtima, chifukwa bambo ameneyu ndimamuona m'makomo mwathu. Mulungu anatipatsa kuwala kwaulere: nkhope yosangalala, mawu okoma, kukhala pansi n'kumvetsera mnzako. Ife kuwalako timakuika pabalaza, poonekera kumsewu. Alendo amatitama kuti ndife anthu abwino, kwinaku a m'nyumba mwathu akukumba khoma ndi sipuni. Chifundo chodikira chaka chamawa si chifundo ayi.

Mukatuluka muno, pitani mukachotse njerwa ija mwini chipinda akadali ndi maso. Mukazengereza, adzachotsa ndi anthu ena tsiku la maliro, ndipo kuwala kwa tsiku limenelo sikudzatonthoza munthu. Kudzangokuyalutsani.